Mtsuko Wopanda Khosi

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kunali kudzuka, poti munthu wogona chokhala, msana uli kukhoma, sanganene kuti anagona. Moto wa pakati pa nyumba unali utasanduka makala. Amayi anali ngundangunda mbali zonse, wina mutu pamwendo pa mnzake, wina kukamwa yasa. Akulu anga anali gone pamphasa yawo chakukhoma, atafundidwa nsalu mpaka kumutu. Akulu anga ine, mayi anga achiwiri, oumba mbiya a mudzi wathu kuno kwa Mwase. Anatisiya dzulo lake dzuwa litapendeka, chifuwa chitalimbana nawo kuyambira mvula yoyamba.

Usiku wonse anthu anaimba. Ine sindinaimbe. Inu simundidziwa, ndiye ndikuuzeni: ine ndine woimba. Paukwati amayamba afunsa ngati ndafika. Pamtondo, pachinamwali, pamaliro pomwe, nyimbo imayambira pakhosi panga, ena n'kumangolandira. Ndine munthu wa nthungululu, woseka ndi mano onse amene anditsalira. Koma usiku umenewo ndikati nditsegule pakamwa, pankangotuluka mpweya. Amayi ankanditembenukira, ine n'kumayang'ana makala.

M'nyumbamo munali maso ena osagona. Anali a Esinati, mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Anakhala pafupi ndi chitseko, dzanja limodzi atalipisa kuseri kwake. Ndinkadziwa chimene ankagwira. Kuseri kwa chitsekocho kunali mtsuko waukulu wosatha kuumba, wauwisi, wofundidwa masamba a nthochi ndi chiguduli chonyowa. Pansi pake anayamba ndi akulu anga asanagwe pamphasa. Mimba yake anakweza ndi Esinati. Unatsala khosi.

Esinati anatengedwa chitengwa kunka kwa Kapelula, kwa amuna ake olima fodya. Anapita ali mwana wamasaya, wosekaseka ngati ine agogo ake. Chaka chitatembenuka anabwera kudzacheza ataonda, mawu ake ongoti inde ndi iyayi. Sankamenyedwa, ayi. Sankagona ndi njala. Ankangoti, “Agogo, kumacha, kumada.” Akulu anga atadwala, ndi iwo amene anapempha kuti mtsikanayo abwere adzawadwazike. Amuna ake analola, nati akhale mpaka matenda atatha. Kudwazika anadwazika, koma chimene anamuitanira chinali dongo. Wodwala ali chigonere ankaloza ndi chala, Esinati n'kumakanya, n'kumakweza, n'kumasalaza. Tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa nyumba ndinamva kuseka. Ndinaima chilili, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Kunali kuseka kwa Esinati.

Tsopano matenda anatha. Ndi chimene chinanditseka pakhosi. Matenda anatha, ndipo khosi la mtsuko anali asanamuonetse.

Kunja kutayamba kuyera ndinatuluka. Mame anali thoo, utsi wa m'zigafa za fodya utagona pachigwa chonse ngati nkhungu. Inali nyengo yothyola ndi kufutsa, nyengo imene munthu salola moto wa m'chigafa kuzima ngakhale njoka itamuluma. Amuna amene anagona pasiwa panja anali kudziwongola mozungulira zitsa zofuka. Kuseri kwa nkhokwe amayi anali ataika kale mafuwa mzere wautali. Ndinayang'ana miphika ili pamotopo, nkhali, mitsuko ya madzi pambali. Aliyense anabwera ndi wake kuchokera kunyumba kwake, koma panalibe ndi umodzi womwe wosachokera m'manja mwa akulu anga. Mayi wina anagogoda wake ndi chala. Unalira ngwee. Iye n'kukhala pansi pomwepo, n'kuyamba kulira nayenso.

Akulu anga dongo analipeza mochedwa. Amuna awo anapita ku Halale kukagwira ntchito, n'kutchona konko. Mwana analibe. Zaka zambiri ankangoyenda ngati nkhuku yovumbwa. Tsiku lina kudambo kotunga madzi phazi linawatitimira m'dongo. Popukuta ndi dzanja anayamba kulifinya, kulifinya, kulifinya, mpaka dzuwa linafika paliwombo. Anabwera kunyumba opanda madzi, atanyamula kamphika kopotoka ngati chipewa choponda ng'ombe. Tinaseka mudzi wonse. Iwo anaseka nafe. M'mawa mwake anawoloka mtsinje kunka kwa mayi wina wokalamba woumba, ndipo anabwerako ali munthu wina.

Kuyambira pamenepo anagwidwa ndi matenda oyang'ana anthu m'manja. Ukamawapatsa moni, iwo maso ali pa zala zako. Ankati munthu aliyense ali ndi chake chimene manja ake amachilirira, ndipo ukachipeza dzuwa limalowa usakudziwa. Ine anayesa kundiphunzitsa kuumba. Ndinaumba zinthu zoti ngakhale galu sangamwere. Pomaliza anandilanda dongo, nati, “Iwe manja ako ndi a nkhuku, ongopalasa. Mbiya yako ili pakhosi. Khala apo uziimba, ine ndiziumba.” Ndinali mayi wa ana kale nthawi imeneyo, wamanyazi, woimbira m'mphuno. Ndinakhala pamenepo n'kuimba. Sindinalekenso.

Dzuwa likutuluka anthu anayamba kufika. Ankatulukira m'minda ya fodya mbali zonse, amuna manja ali bii ndi utomoni wa masamba, amayi malichero a ufa pamutu, akayandikira n'kuyamba kubuma. Anabwera a kutchalitchi, koma anabwera ngati anansi, poti akulu anga ankaumba mbiya za mowa ndipo sanafune kuleka. Anabwera bambo wina Msilamu wosoka zovala pakhonde la sitolo, kapewa koyera kumutu, atanyamula nsalu yoyera yopinda kale m'mphepete. Anaipereka ndi manja awiri, n'kukakhala payekha pansi pa mtengo. Akulu anga anamupeza kalekale akugulitsa mchere, uku akusoka thumba long'ambika mosalala ngati lakusitolo. Anamuvutitsa msika ndi msika mpaka anakapempha kukhala pambali pa makina a mwini sitolo.

Kenaka anafika wa matabwa wochokera ku Mtunthama, akukankha njinga, matabwa atawamangirira kumbuyo. Bambo wamkulu, wa imvi m'ndevu. Ameneyu ali mnyamata ankathawa kumunda n'kumakasema timipando kuthengo, bambo ake n'kumamukwapula. Ndi akulu anga amene anapita kukakhala pakhomo pa bambowo tsiku lathunthu, osadya, mpaka analola kuti mwana akaphunzire. Ntchito yake yoyamba inali chitseko cha nyumba ya akulu anga. Matabwa amene anabwera nawo sanakwane bokosi. Anaima n'kuyang'ana chitsekocho nthawi yaitali. Kenaka anatenga zida zake n'kukachizula.

Palibe amene analakwa pamenepo. Ndi mmene timachitira, chitseko chimaperekeza mwini wake. Koma chitseko chitachoka, mtsuko uja unakhala poyera.

Anauona ndi adzukulu, osati obala ayi, koma a maliro, aja ochokera kubanja lina amene amasambitsa mtembo ndi kukumba manda. Tsiku la maliro mudzi ndi wawo. Akagwira nkhuku yako, yapita. Akakutukwana, umangoti zikomo. Ndiwo amasonkhanitsa zinthu za womwalira zoti apite nazo, ndipo ife ofedwa sitiloledwa kukhudza kapena kuyankha. Anatenga chikho chawo. Anatenga kamphika kopotoka kaja, kamene anakasunga zaka zonsezi kudenga. Anatenga kadengu ka zida zawo: mwala wosalazira wakuda bii ndi thukuta, nkhombe yopalira, chitsononkho, kansungwi kolembera mizere. Kenaka bambo wina wa iwo anavundukula chiguduli, nati ichinso ndi cha malemu, chikaswedwe pamanda.

Esinati anati nyamu. Ndinamugwira nsalu n'kumukhazika pansi. Dzanja langa ndi limene linamukhazika, ine agogo ake. Ndikanatani? Wofedwa akalimbana ndi adzukulu, angathe kusiya mtembo pomwepo n'kumapita.

Panali mayi wina pakati pawo, wamtali, wakamwa ngati lumo, amene anasambitsa akulu anga. Anauzungulira mtsukowo manja ali m'chiuno.

“Iwe, ukufuna kutiphetsa?” anatero kwa mnzakeyo. “Nkhalamba yamwano imeneyi tikaipatse mtsuko wopanda khosi? Ikatungira chiyani kumeneko? Ibwera kutulo kudzatitukwana mpaka tonse tiwonde. Siya chinyansi chakocho.”

“Nanga si chake?”

“Chake ndi matako okhawo. Mimbayi waumba ndi wina, taona kupendama. Mwini wake adzachite nacho manyazi yekha.”

Anthu anaseka, poti adzukulu akaseketsa umaseka ngakhale misozi ili m'masaya. Mayiyo anabwezera chiguduli ndi phazi, osayang'ana Esinati, n'kutuluka. Mtsuko unatsala. Kadengu ka zida kanapita.

Amuna ake a Esinati anafika dzuwa litakwera, thukuta kamukamu, atapalasa njinga kuchokera kwa Kapelula. Anakagwada kwa amuna anzawo, n'kulira monga ayenera. Ndinawaona pambuyo pake ali kuseri kwa khola ndi mwana wanga wamwamuna, malume ake a Esinati, amene ndi mwini mbumba. Ankayankhula motsitsa. Mwana wanga ankangogwedeza mutu chovomera. Sindinamve mawu, koma ndinaona dzanja likuloza kumpoto, kumene kuli zigafa zawo.

Wa matabwa anakhoma bokosi pansi pa mtengo wa mango. Anapala chitseko chija mpaka chinayera ngati chatsopano, ngakhale chinali kupita kudothi. Wina anamuuza kuti afulumire, mitambo yayamba kusonkhana kum'mawa. Anapalabe.

Tinanyamuka dzuwa litangopendeka. Amuna patsogolo ndi bokosi, kulandizana mapewa, ife amayi pambuyo. Njira ya kumanda imadutsa pakati pa minda, ndipo fodya anali wamtali, masamba apansi atayamba chikasu, akutikwapula m'miyendo. Ndinaona amuna ena akuyenda maso ali pamasambawo, kenaka kumwamba, kenaka pamasamba. Sindikuwanena. Chaka chonse cha munthu chimakhala patsamba limenelo. Mphepo inayamba, yozizira, yonunkha mvula. Wina anayambitsa nyimbo kutsogolo, koma anaiyamba pamwamba kwambiri ndipo inafera panjira. Amayi ananditembenukiranso. Wina anandigunda ndi chigongono. Ndinatsegula pakamwa. Kunalibe.

Esinati ankayenda pambali panga. Sankalira. Zala zake zinkangoyenda zokha pamkono wake, chala chachikulu mkati, zinazo kunja, kuzungulira, kuzungulira. Ndinazindikira. Masiku omaliza akulu anga atalephera kudzuka, anagwira mkono wa Esinati n'kumaufinya choncho, kumuonetsa mmene khosi la mtsuko limakokedwera. Anati mawa ndikapezako bwino tichita padongo. Ankati mimba aliyense amaumba, ngakhale mwana, koma woumba amadziwika pakhosi.

Kumanda, pansi pa mitengo ikuluikulu, dzenje linali lokonzeka, dothi lofiira lili mulu. Anatsitsa bokosi. Mdzukulu amene anali m'dzenjemo anakweza manja, n'kumupatsira chikho, kenaka kadengu kaja. Ndinamva mwala wosalazira ukugunda thabwa, go. Esinati anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Mwala umenewo akulu anga anachita kupatsidwa ndi mayi wokalamba wa kutsidya uja, ndipo ndikudziwa, ine ndikudziwa, kuti akanaupereka kwa Esinati. Koma wakufa sayankhula, ndipo wofedwa sayankha. Dothi linayamba kugwa.

Mvula inayamba kuwaza akumaliza kuunda. Anaika kamphika kopotoka pamwamba n'kukaboola ndi mpini wa khasu. Mwini mbumba anathokoza anthu mwachidule chifukwa cha mvulayo. Pamenepo ndi pamene ndimayambitsa nyimbo yobwerera, maliro onse a mudzi uno. Anthu anadikira. Madontho ankagwa pamasamba. Anadikirabe. Kenaka anayamba kutembenuka mmodzimmodzi, ndipo tinabwerera chete ngati ng'ombe. Akulu anga amene anandipatsa pakhosi, ndinawaika opanda nyimbo yanga.

Pofika pamudzi tinasamba m'manja ndi kumaso pamphambano monga mwa mwambo. Anthu anadya chofulumira, aliyense mtima uli kuchigafa chake. Ndipo ndinaona njinga ija itatsamira pankhokwe, kamtolo ka Esinati katamangidwa kale.

Mwamuna wa mdzukulu wako ndi mwamuna wako, umatha kumunena chilichonse mwanthabwala. Ndinasonkhanitsa nthabwala zimene zinanditsalira n'kupita.

“Amuna anga, mwabwera liti, mukupita liti? Ine mkazi wamkulu simunandilonjere n'komwe, mwangothamangira kamtsikanaka.”

“Akazi anga, inu ndinu a pamtima,” anatero, akuyesa kumwetulira. Maso awo anali ofiira ndi utsi. “Koma inu kusoka fodya simutha.”

“Ndisiyireni mkazi mnzangayu mpaka timete. Mwambo ukutero.”

“Agogo, moto wa m'chigafa ndasiyira mayi anga, ndipo maso awo mukuwadziwa. Fodya wapsa m'munda, mvula ndi iyi. Ndithyole ndekha, ndisoke ndekha, ndisonkhezere ndekha? Ndinalola mpaka matenda atatha. Sindinawerenge masiku.”

Zinali zoona. Sanawerenge.

“Nanga dongo?” ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono.

“Kwathu n'kumchenga, agogo. Ndipo masiku ano kusitolo kuli ndowa.”

Sananene mwachipongwe. Ananena ngati munthu wonena kuti kunja kwacha. Ndinayang'ana mwana wanga, mwini mbumba. Anayang'ana kumbali, nati nkhani yatha kale, tsiku lometa adzabwera ngati fodya alola. Achikulire ena anang'ung'udza kuti zoterezi kale kunalibe. Anang'ung'udza basi.

Esinati analowa m'nyumba yopanda chitseko ija. Ndinamutsatira. Anagwada pamtsuko, n'kuchotsa chiguduli ndi masamba, n'kuyendetsa chala pamlomo pake pamene khosi liyenera kuyambira. Dongo linali lofewabe. Linasunga chidindo cha chala chake.

“Agogo, musaulole uume.”

“Ine? Manja a nkhuku ano?”

“Simuumba ayi. Muzingowaza madzi pachiguduli, m'mawa ndi madzulo. Osathira, ungasungunuke. Kuwaza.” Anandigwira dzanja n'kuliviika m'phale la madzi, n'kuligwedeza. “Chonchi. Ukauma pamlomo, khosi siligwira.”

“Ukhala masiku angati usanaume?”

“Sindidziwa. Sanandiuze.”

Ndinafuna kumuuza kuti tikameta, nyumba iyi aigwetsa, monga timachitira ndi nyumba ya womwalira. Ndinafuna kumufunsa kuti adzasalaza ndi chiyani, mwala uli pansi pa dothi. Koma ankadziwa zonsezo. Kunja belu la njinga linalira. Anafunditsa mtsuko bwinobwino ngati akufunditsa khanda, n'kupukuta manja pansalu yake, n'kutuluka. Ndinaima pakhomo. Anakhala kumbuyo kwa njinga chammbali, kamtolo pamiyendo. Njira inali yoterera ndipo ankapita pang'onopang'ono, mpaka fodya anawameza. Chomaliza kuona chinali mpango wake.

Madzulo mudzi unakhuthuka. Amayi anazula miphika yawo pamafuwa, aliyense wake pamutu, n'kubalalika m'njira zonse. Wa matabwa anasesa zopala zake, n'kuzithira pamoto, n'kukankha njinga yopanda katundu. Mayi wamtali uja podutsa anandiponyera mawu, nati, “Nkhalamba iwe, lero watipumitsa m'makutu.” Ndinati zikomo. Achibale otsala anakasonkhana kunyumba kwa mwana wanga kumene kunali moto. Anandiitana. Ndinati ndikubwera.

Ndinalowa kwa akulu anga. Mphasa palibe, chikho palibe, kudenga kumene kunkakhala kamphika kuli mbee. Pansi panali mapazi a anthu okhaokha. Mvula inali itakata, ndipo kunabwera kamphepo kouma, kolowa pakhomo popanda wokaletsa, kolunjika pomwe pali mtsuko. Ndinagwira chiguduli. M'mphepete chinali chitayamba kale kuuma.

Ndinakatenga mphasa yanga yogonera n'kuiimika pakhomo, n'kuitsamiritsa ndi musi. Inagwa. Ndinaiimikanso. Kenaka ndinakhala pamalo panga pakale, pamene ndinkakhala iwo akamaumba, n'kukokera phale la madzi pafupi. Ndinaviika zala. Ndinawaza. Ndinaona ngati ndachepetsa, n'kuwazanso, kenaka n'kuchita mantha kuti ndachulutsa. Panalibe womufunsa.

Pamenepo ndi pamene nyimbo inabwera, yokha, osaiitana. Sinali ya maliro. Inali kanyimbo kopanda pake kamene ndinkawaimbira akamakanya dongo, konena kuti dongo iwe usakwiye, mwini wako akubwera, wapita kukatunga. Mawu anatuluka osasa, ong'ambika ngati a khwangwala. Panalibe wolandira. Ndinaimba ndekha, n'kulandira ndekha, dzanja lili m'phale.

Kunja kunada. Mphasa ija inagwanso, ndipo ndinadzuka kukaiimika.